Mmene Zimbabwe wa ku Chinsapo anagwera

Kawale, zaka zoyamba

Uphunzitsi ndinauyambira ku Kawale, nditangotuluka ku koleji, ndili ndi sutikesi imodzi, matayi awiri ndi kalata ya boma yonditumiza kumeneko. Kalatayo ilipo mpaka lero m'thiranki yobiriwira ija imene inu ana anga mumaifuna kuti muziikamo nsapato. Simudzaiona ndili moyo. M'menemo muli masikimu anga onse, mapulani aja a zophunzitsa mlungu ndi mlungu, makalata ondisamutsa ndi malipoti a oyendera sukulu, ndipo mbiri ino ndikuilemba kuchokera m'mapepala amenewo, osati kuchokera m'mutu mwa mayi anu, amene nkhani ya nyumba ya sukulu amaifotokoza mokhota pa maukwati ndi pa maliro pomwe.

Za ku Kawale sindichulukitsa. Anandipatsa Sitandade 7 ndi phunziro la mbiri yakale chifukwa aphunzitsi anzanga onse ankalithawa. Chaka choyamba ndinalongosola za mapiramidi a ku Iguputo ndi pakamwa pokha, ndikukweza manja m'mwamba mpaka malaya kung'ambika m'khwapa. Pa mayeso ana ambiri analemba kuti mafumu a ku Iguputo ankaikidwa m'chulu. Sindinawakwapule, pakuti chinthu chachikulu chosongoka chimene anali atachionapo chinali chulu basi. Kuyambira pomwepo ndinatsimikiza mtima kuti chimene ndikuphunzitsa, ana azichigwira ndi manja.

Chinsapo, sukulu yaulere itayamba

Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anadzaza m'masukulu ngati ngumbi pa nyali. Patapita zaka zingapo ndinasamutsidwira ku sukulu ina ya ku Chinsapo, imene dzina lake sinditchula chifukwa ena mwa anthu ake akadali moyo ndipo adzukulu awo ndi maloya. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira pa thunthu. Buku la mbiri yakale linali limodzi, langalanga, ndipo ana okhala kumbuyo ankandimva pokhapokha mphepo ikalola.

Tinkakhala m'nyumba ya lendi kwa Che Yusufu, mmisiri wa ku Mangochi wosula ndowa ndi mbaula, amene ankayamba kugogoda malata tambala asanaganize zolira. Chipinda chinali chimodzi ndi balaza. Inu anayi munkagona pabalaza, mapazi a wina kumaso kwa mnzake, ndipo chimbudzi chinali cha mdadada wonse, moti m'mawa ndinkaima pamzere, tayi ili m'khosi, kumbuyo kwa ana amene ndikawaphunzitse tsiku lomwelo.

Tsono pasukulu panali nyumba imodzi ya aphunzitsi yopanda munthu, achiwiri kwa ahedi atapuma ntchito. Inali ya njerwa zootcha, zipinda zitatu, pansi pa simenti, ndi chimbudzi chakechake chokhala ndi chitseko. Oifuna tinali awiri, ine ndi a Jere a sayansi, amene ntchito anayamba ine nditatha kale mabokosi a choko osawerengeka. Mwachilungamo panalibe chokanganira. Koma ahedi athu, a Mwale, anali munthu woopa kugamula chilichonse, ngakhale tsiku losesa pabwalo. Anatiitana mu ofesi n'kunena kuti, "Oyendera sukulu abwera mu Novembala kudzaona zipangizo zophunzitsira zopanga tokha. Amene adzaike sukulu ino pabwino pamaso pawo, makiyi ndi ake." Ndinapempha kuti mawuwo awalembe ndi kudinda. Iwo anati, "A Chikuse, inu ngakhale moni mumafuna wolemba."

A Jere anakapempha katoni ya sopo kugolosale, n'kujambulapo matumbo a munthu ndi makala ndi choko chofiira. Ntchito ya masana amodzi. Ine ndinali nditafika pa mutu wa Zimbabwe wakale, mzinda wa miyala uja umene unalemera ndi malonda a golide ndi minyanga ya njovu, kenaka n'kusanduka bwinja. Ndinati sindijambula. Ndimanga.

Nyengo yozizira, chaka chomwecho

Tinayamba mu Juni, madzi atatsika kumtsinje. Lachisanu lililonse, nthawi ya ntchito zamanja, kalasi yonse inkatsikira kumeneko n'kubwera ndi miyala pamutu. Yobulungira ndinkaibweza. Ndinkafuna yafulati yokha, yokhazikika pa inzake. Kuseri kwa mtengo wathu tinalemba bwalo ndi chingwe ndi chikhomo, n'kuyamba kusanja popanda matope, popanda simenti, monga anachitira eni ake. Khoma linagwa kangapo, ndipo ana anazindikira okha kuti pansi pazikhala potambalala, pamwamba pang'ono. Pofika Seputembala khoma linali lofika m'chifuwa mwanga, lili ndi khomo lopapatiza, mzere wa miyala yokhotakhota pamwamba monga zilili pa chithunzi cha m'buku, ndipo mkati munali nsanja yooneka ngati nkhokwe. Ana amene sankatha kulemba dzina lawo mowongoka ankatha kufotokoza kumene mfumu inkakhala ndi kumene amalonda ochokera kunyanja yaikulu ankalowera. Anthu opita kuchigayo ankatula matumba n'kuima kuyang'ana. Ena ankati ndi khola la nkhumba za ahedi, ena ankati aphunzitsi ayambitsa mpingo.

A Mwale anabwera kudzaona, manja kumbuyo. Anazungulira n'kunena kuti, "Ntchito ndi yabwino, koma ikuoneka yakuda. Mlendo wa boma salandiridwa ndi miyala yosapaka. Pakani laimu."

"Ahedi, Zimbabwe sanapakidwepo laimu chiyambire."

"Chifukwa kunalibe oyendera sukulu. Pakani."

Ndinalemba kalata yotsutsa, ndipo kope lake ndili nalo. Komabe tinapaka, mwala uliwonse, mpaka mzinda wonse unayera mbee ngati manda a munthu wolemera. Ndikufuna mudziwe kuti laimuyo sinali nzeru yanga.

Okutobala, mphepo itayamba

Inu amene mwakulira pansi pa madenga okhomedwa bwino muyenera kumva izi. Nyumba zambiri za ku Chinsapo masiku amenewo zinali za malata ogula akale, oboweka kale ndi misomali ya eni oyamba, ogona pa timitengo ta bulugamu towonda ngati mpini. Msomali sunkagwira. Chimene chinkasunga denga ndi kulemera kwa zinthu zoikidwa pamwamba pake: matayala akutha, mafelemu a njinga zakufa, ndipo koposa zonse miyala. Mphepo ya mvula yoyamba ikayandikira, aliyense ankasaka miyala yopsinjira malata, ndipo m'tauni mwala wabwino susowa mwini.

Chimphepo choyamba chinabwera Loweruka masana n'kusasula madenga angapo cha kumsika. Lolemba ndinapeza mzere wokhotakhota uja palibe. Ndinaganiza kuti ndi ana a Sitandade 8, amene ankatichitira nsanje, ndipo ndinawafoletsa n'kuwafunsa mmodzimmodzi. Lachitatu nsanja inali itafupika. Mlungu wotsatira khomo linali litakula moti ng'ombe ikanalowa. Ndinalembera komiti ya sukulu, osayankhidwa. Ndinaika ana oti azilondera, koma ana amaweruka. Tsiku lina m'mawa, ndikupita kuntchito, ndinakweza maso kuti ndione mitambo, ndipo ndinaona Zimbabwe wanga yense. Denga lililonse kuyambira pa mjigo mpaka kuchigayo linali ndi miyala yoyera, yafulati, itakhala mwadongosolo ngati nkhunda zatera.

Ndinabwerera kwa Che Yusufu. Ndinawapeza akudula lata.

"Aphunzitsi, miyala yanu ija ndi yabwino zedi," anatero asanandipatse ndi moni womwe. "Sigubuduka. Anthu akukuyamikirani m'dera lonse lino."

"Akundiyamikira? Akundibera, Che Yusufu!"

"Iyayi, kuba n'kutenga cha munthu. Iwo akuti ija ndi ya sukulu, ndipo boma linanena lokha kuti sukulu ndi yaulere."

Ndinakadandaula kwa ahedi. Tili chiimire pakhonde la ofesi, maso anga anagwera pa kakhitchini ka kuseri kwa nyumba yawo, ndipo pamwamba pake panali miyala yoyera, ina mwa iyo ya pansonga penipeni pa nsanja, imene ndinaisankha ndekha. Ndinailoza ndi chala. A Mwale anayang'ana, anatsokomola, n'kunena kuti, "Imeneyo sinatuluke pasukulu. Ndi katundu wa boma ali pa nyumba ya boma. Tikambe za miyala ina ija."

Novembala, kutatsala masiku ochepa

Uthenga unafika woti oyendera sukulu abwera Lachisanu. Khoma linali litatsala lofika m'mawondo, kwina kulibiretu, ndipo mbuzi inali itayamba kugona pamene panali nsanja. A Mwale anandiitana n'kutseka chitseko. Anali atauza kale akuofesi ya maphunziro kuti pasukulu pawo pali chodabwitsa, ndipo thukuta linali kuyenderera m'khosi mwawo.

"A Chikuse, miyala yanu ikudziwika, ndi yoyera. Mawa tengani kalasi yonse ndi makwerero a sukulu, mukatsitse uliwonse, mumangenso. Likaima khoma Lachisanu, makiyi ndikupatsani Lachisanu lomwelo. A Jere ndikudziwa chowauza."

Ndinavomera, ndipo sindibisa. Ndinkaona chitseko cha chimbudzi chija m'maso mwanga. M'mawa mwake tinanyamuka, anyamata atasenza makwerero, ine patsogolo. Kumadzulo kunali kutada bii, mphepo ikuulutsa mapepala a shuga m'njira. Nyumba yoyamba yokhala ndi miyala yoyera inali ya mayi wina wamasiye wogulitsa zitumbuwa pa geti ya sukulu. Mwana wawo Agnesi anali m'kalasi mwanga, mtsikana amene anasenza miyala yambiri kuposa anyamata, ndipo tsopano anali ataima kumbuyo kwa anzake, maso pansi. Denga lawo linali la zidutswa za malata ndi migolo yophwanyidwa. Mphepo ikawomba linkadzuka m'mbali n'kukhalanso, ngati munthu wopuma movutika.

Mayiwo anatuluka akupukuta manja pachitenje. "Takulandirani, aphunzitsi. Mwabwerera miyala?"

"Ndi ya sukulu, amayi."

"Ndikudziwa. Anaisenza ndi mwana wanga yemweyu kuchokera kumtsinje, khosi linamupweteka mlungu wathunthu. Tsitsani, palibe mlandu. Koma denga likapita, ine ndi ana tikagona m'kalasi mwanu."

"Amayi, kalasi yanga ndi mtengo wa mango."

"Basi tikagona m'mwamba mwake."

Ana anaseka, kupatula Agnesi. Anyamata anali atatsamiritsa kale makwerero pakhoma, ndipo khomalo linagwedera. Ndinayang'ana denga, ndinayang'ana mitambo, ndinayang'ana madenga ena onse otsetsereka mpaka kudambo, lililonse ndi miyala yake yoyera ndi ana ake a m'kalasi mwanga ogona pansi pake. Ndinauza anyamata kuti achotse makwerero tibwerere.

Mayi anu amauza anthu kuti ndinagwidwa chisoni. Si zoona. Ndinakumbukira kuti m'malamulo onse a uphunzitsi amene ndinawerengapo mulibe ndime yolola mphunzitsi kukweza ana a boma pa madenga a anthu nthawi ya maphunziro. Ndinawauza a Mwale zomwezo. Iwo anagwira mutu ndi manja awiri. "Ndiye mlendo tikamuonetsa chiyani? Mbuzi?"

"Adzaona phunziro, ahedi. Pa sikimu yanga mlungu uno ndi wa kugwa kwa Zimbabwe."

Lachisanu lija

Oyendera sukulu anafika pa njinga yamoto, bambo wamfupi wa magalasi, wonyamula chikwama chachikopa. Anayamba ndi matumbo a a Jere, anagwedeza mutu, analemba. Kenaka a Mwale anawatsogolera kwathu akuyenda ngati munthu wopita kukachotsa dzino. Ndinali nditakhazika ana mkati mwa bwinja, ena pa miyala yotsala. Mbuzi tinaithamangitsa koma inabwerera.

Ndikunena mosadzitama kuti sindinaphunzitsepo phunziro labwino ngati limenelo, kale kapena pambuyo pake. Ndinafunsa chifukwa chimene mzinda wolemera chotero unathera, ndipo manja anadzuka onse. Anthu anachuluka kuposa chimene nthaka ikanadyetsa. Msipu wa ng'ombe ndi mitengo ya nkhuni zinatha. Mchere unasowa. Amalonda anapeza njira ina cha kumpoto. Palibe amene anayang'ana pa bolodi. Mlendo anavula magalasi n'kufunsa yekha kuti, "Nanga adani amene anaugwetsa anali ndani?"

Agnesi anaimirira. "Buku silikunena za adani, sala. Eni ake omwe ankachoka, banja lino lero, lina mawa, aliyense ndi vuto lake la kunyumba. Palibe amene ankaganiza kuti akugwetsa mzinda. Ankangoti, ine ndekha sindingathe khoma lonseli."

Mlendo analemba kwa nthawi yaitali. A Mwale anayamba kupuma. Zikanathera pomwepo, bwenzi inu mutakulira m'zipinda zitatu. Koma bamboyo analoza bwinja ndi cholembera n'kufunsa kuti, "Nanga Zimbabwe wanuyu, miyala yake inapita kuti?"

Ine ndinaphunzitsa ana anga kuyankha funso mokwanira ndi kupereka zitsanzo. Kalasi yonse inaimirira n'kuyamba kuloza. Iyo kwa a tcheyamani a komiti, sala. Iyo kwa agogo ake a Limbani. Iyo pa tchalitchi. Iyo pa shopu ya ometa. Ndipo onse pamodzi, ngati kwaya, anatembenukira kuseri kwa ofesi: "Ndi iyo ya pansonga pa nsanja, sala, pa khitchini ya ahedi!"

Mlendo anavalanso magalasi n'kuyang'ana khitchiniyo mofatsa. A Mwale anayang'ana nsapato zawo.

Lipoti linabwera patapita milungu iwiri, ndipo lili m'thiranki. Likunena kuti phunziro linali labwino kwambiri ndipo ana anaonetsa kumvetsa. Kenaka, m'munsi mwake, likunena kuti chipangizo chophunzitsira chinapezeka chili chowonongeka, ndipo mphunzitsi akulangizidwa kuti azisunga zipangizo zake mu kabati yokiya. Khoma lozungulira, lokwana kalasi yathunthu ndi mbuzi, mu kabati yokiya! Ndinayankha ndi kalata ya masamba atatu yopempha muyeso wa kabatiyo. Mpaka ndinapuma ntchito sanandiyankhe. Za katoni ya a Jere lipotilo likuti inasamalidwa bwino.

A Mwale sanandiitane mu ofesi. Ndinangoona ngolo ikutsitsa mipando ya a Jere pakhomo pa nyumba ija. Nditawafunsa, anati, "Lipoti mwaliwerenga nokha. Komanso ana anu, a Chikuse, alibe mwambo. Mwana wolongosoka saloza khitchini ya mkulu."

Disembala

Kunyumba mayi anu sanakalipe tsiku loyamba kapena lachiwiri. Tsiku lachitatu kunawomba mphepo ya mkuntho masana, ndipo ndinawapeza atakwera pa mpando pabalaza, atagwira mtanda wa denga ndi manja awiri, lata likudzuka n'kumenya, inu mutabisala pansi pa tebulo. Anandiyang'ana ali pomwepo.

"Bambo a Tiya, nyumba ya simenti mwapatsa a Jere, chabwino. Koma taonani kunjaku. Chinsapo yense akukhala mwamtendere pansi pa miyala ya mwamuna wanga. Ine ndekha, mkazi wa mwini miyala, ndi amene ndikugwira denga ndi manja. Ndinkaopa kukatenga ngakhale umodzi kuti mungandilembere kalata."

Ndinatuluka panja. Che Yusufu anandibwereka wilibala, ndipo anati akwera okha padenga ngati ndibweretse yafulati. Mawa lake ndinapita nayo kusukulu dzuwa likuswa mtengo, poyera, pakuti sindine wakuba. Pa bwinja panali patatsala mzere wapansi wokha, miyala ikuluikulu ya maziko imene inakanika amayi ndi ana. Ndinavula jekete, ndinaipachika pa mango, n'kuyamba kuzula. Ana anga anali pansi pa mtengo akulemba zobwereza za mayeso, ndipo zolembera zonse zinaima. Anandiyang'ana ndikukweza mwala woyamba, wachiwiri, mpaka pamalopo panatsala bwalo la udzu wofota.

Agnesi anakweza dzanja, monga mwa mwambo wa m'kalasi.

"Sala, pa zifukwa za kugwa kwa Zimbabwe, tiwonjezere kuti ndi inu?"

"Lembani za m'buku zokha. Ochonga mayeso sandidziwa ine," ndinatero. "Ndipo anyamata awiri amphamvu abwere kuno andikankhire wilibala, mvula isanatipeze."